Nambala za Thupi la Munthu Nzayani?

Kalabu yathu inkakumana Lachitatu lililonse madzulo, m'chipinda chapansi pa nyumba ya zamasewero pa yunivesite ina ku Gauteng, kumene ndinkaphunzira. Tinalipo anthu osakwana 30, ndipo Mmalawi ndinali ndekha. Tonse tinkaphunzira exercise physiology, sayansi yofufuza zimene zimachitika m'thupi munthu akamagwira ntchito yolemetsa kapena akamachita masewero: mmene mtima umafulumirira, mmene mapapo amakokera mpweya, mmene minofu imatopera ndi mmene imachirira. Katundu wa kalabu sanali wochuluka. Tinali ndi makina anayi oyezera BP, sikelo, mawotchi, ndi mabokosi athabwa asanu ndi limodzi, lililonse lotalika masentimita 30.

Ndisaname, chimene chinkatisonkhanitsa sichinali chikondi cha sayansi chokha. Ku South Africa kuli ntchito yotchedwa biokinetics, yothandiza odwala ndi ovulala kudzera m'masewero olimbitsa thupi, ndipo woigwira amayenera kulembedwa m'kaundula wa bungwe la HPCSA, lomwe limayang'aniranso madokotala. Kuti ufike pamenepo umayenera kuyamba wagwira ntchito pansi pa katswiri, koma malo otere ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna. Choncho m'kalabumo tinkathandizana kulemba ma CV, kuyeserera mafunso a intavyu, ndi kuitana akatswiri kuti adzatiyankhule. Koma chachikulu chinali kusonkhanitsa maola. Aliyense anali ndi kabuku kolembamo anthu amene wawayeza, ndipo tinkadziwa kuti mwini kabuku konenepa ndiye adzayambe kuganiziridwa.

Ntchito ya bokosi ndi yosavuta. Munthu amakwera ndi kutsika ka 24 pa mphindi, kwa mphindi zitatu, motsatira kachipangizo kogunda nthawi. Akamaliza amakhala pansi, iwe n'kuwerenga kugunda kwa mtima wake kwa mphindi imodzi. Mtima wozolowera ntchito umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, motero suthamanga kwambiri, ndipo sukhalitsa kubwerera mwakale. Wosazolowera umapitirizabe kuthamanga mwini wake atakhala kale pansi. Kuchokera pa nambalayo ungathe kuyerekeza VO2max, kutanthauza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito likamalimbikira mpaka pomalizira. Amene anayambitsa lingaliro limeneli ndi A. V. Hill, Mngelezi amene analandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1922, ndipo iyeyo ankadziyeza yekha akuthamanga. Mayeso a bokosi anatchuka kuchokera ku Harvard Fatigue Laboratory ku America, kumene mu 1943, nkhondo ili mkati, anafalitsa njira yoyezera mphamvu za anyamata ndi bokosi lalitali kuposa lathu. Ine zimenezi zinkandikomera. Zinkandidabwitsa kuti thabwa, wotchi ndi zala ziwiri pa mkono wa munthu zingakuuze za mtima umene sunauonepo.

M'chaka changa chachitatu, wapampando wa kalabu, mtsikana wakhama wa ku Limpopo, anatipezera mwayi waukulu. Kampani ina ya alonda, imene inkalondera nyumba zingapo pafupi ndi sukulu yathu, inavomera kuti tikayeze antchito ake kwaulere pa tsiku limene iwo analitcha la thanzi la ogwira ntchito. Tinasangalala, pakuti m'makampani ndi mmene ambiri a ife tinkayembekezera kudzapeza ntchito. Bwana wa kampaniyo analonjeza kutilembera aliyense kalata ya umboni, ndipo anati akakhutira adzatenga awiri mwa ife kuti azidzagwira ganyu ya mtundu womwewo chaka chotsatira. Anapempha chinthu chimodzi chokha: tikamaliza timutumizire zotsatira, dzina la munthu ndi nambala zake. Palibe amene anaonapo vuto. Inenso sindinalione.

Loweruka lake alonda anabwera ali pamzere, ambiri akuchokera ku ntchito ya usiku, maso ali gwa ndi tulo. Kapitawo wawo anaima pakhomo ndi mndandanda, akuchonga dzina la aliyense wolowa. Munthu akalowa ankasaina fomu ya m'Chingerezi yonena kuti wavomera, kenako n'kupita pa tebulo lililonse lopanda munthu. Cha m'ma 10 koloko pa tebulo langa panakhala bambo wa zaka za m'ma 50. Nditawerenga dzina pa fomu ndinadziwa kuti ndi wakwathu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anandiyang'ana modzidzimuka, kenako anaseka. Anati kwawo n'ku Thyolo, ndipo anali atatha zaka 12 ku Joni. Tinafunsana za kumudzi pang'ono, ine ndikumanga lamba wa makina pa mkono wawo. Makina anaonetsa 172/106. Ndinawapumitsa mphindi zisanu n'kuyezanso mkono winawo, koma nambala sizinasinthe kwenikweni. BP ikafika 140/90 imawerengedwa kale kuti ndi yokwera, ndipo lamulo la kalabu linali lakuti munthu wa nambala ngati zawozo asakwere bokosi.

"Bambo, lero simukwera. BP yanu yakwera kwambiri."

Anacheukira kukhomo kumene kunali kapitawo, natsitsa mawu.

"Ndiye kuti ndalephera, achimwene?"

"Ayi, si mayeso okhoza kapena kulephera."

"Nanga pepalali likupita kuti?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anamva yankho m'kukhala chete kwangako.

"Ingolembani kuti ndakwera. Ine ndimayenda usiku wonse, kabokosi aka kangandikanike? Ndili ndi ana awiri ku sekondale, achimwene. Ntchito ya mlendo sichedwa kutha."

Apa m'pamene ndinakumbukira agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, a ku Ntcheu. Monga amuna ambiri a m'badwo wawo, anakagwirako ntchito ku migodi ya golide ya ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodimo anali oposa 100,000, mpaka mu 1974 pamene Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyi, ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown. Tili ana, agogo ankatisimbira za ku Joni, ndipo nkhani imene inkatiseketsa kwambiri inali ya chipinda chotentha. Ankati asanakutsitse pansi ankayamba akulowetsa m'chipinda chanthunzi, uli pafupifupi maliseche, pamodzi ndi amuna ena ambiri. Aliyense ankaima kutsogolo kwa chitsa chake, n'kumakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, kwa maola, masiku angapo otsatizana. Agogo ankaimirira n'kumatisonyeza pa khonde, ife n'kumafa ndi phwete. Sindinaganizepo kuti chitsa chimenecho ndi bokosi lathu la Lachitatu n'chinthu chimodzi, kufikira mmawa umenewo.

Pepala la bambo aja sindinaliike pa mulu. Ndinalipinda n'kuliika m'chikwama changa. Kulemba kuti akwera ndinakana. Ndinawalembera nambala zenizeni pa kapepala kena, n'kuwauza kuti BP yokwera kawirikawiri siimveka m'thupi, munthu amayenda bwinobwino mpaka tsiku limene wagwa ndi sitiroko kapena impso zafooka, ndipo kuti mankhwala ake alipo ku kiliniki. Anatenga kapepalako, nakaika m'thumba la malaya, natuluka.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, ine ndili munthu wabwino. Koma madzulo ake, nditatsegula kabuku kanga, ndinaona zinthu ziwiri zimene zinandichititsa manyazi. Choyamba, bambo aja asanafike ndinali nditayeza anthu asanu ndi anayi, ndipo awiri mwa iwo anali ndi BP yokwera. Mapepala awo ndinawaika pa mulu mosaganiza kawiri. Mmodzi anali wa ku Zimbabwe, wina Mzulu. Nawonso mwina anali ndi ana ku sekondale, koma sanandifunse m'chinenero cha mayi anga, choncho mantha awo sanandifike. Chachiwiri, makina ataonetsa 172/106, chimene ndinayamba kumva mumtima sichinali chisoni. Ndinakondwera. Ndinadziwa kuti ndapeza nkhani yabwino yodzafotokoza pa intavyu: mmene ndinazindikirira ngozi n'kuletsa munthu kukwera. Matenda a bambo aja ndinali nditayamba kale kuwawerengera ngati phindu langa.

Lachitatu lotsatira ndinaulula kwa anzanga kuti ndabisa pepala limodzi, ndipo ndinapempha kuti tisatumize dzina la munthu aliyense. Mkangano unatenga maola awiri. Wapampando sanali munthu wouma mtima, ndipo mfundo zake zinali zolemera. Anati anthuwo anasaina okha, palibe amene anawagwira dzanja. Anati mlonda wa BP yotere amakhala yekha usiku pa nyumba yopanda anthu; akagwa adzamupeza mmawa, ndiye kubisira kampani n'kumuika pangozi munthu yemweyo amene tikuti tikumuteteza. Mwina bwanayo akanamusamutsira ku ntchito ya masana. Anati tinapangana ndi kampani, ndipo kalabu yosasunga pangano palibe amene adzaiitanenso. Pomaliza anandiyang'ana n'kunena kuti ine sukulu akundilipirira ena, pamene iye ali ndi ngongole ya maphunziro, ndipo mayi ake amachapa zovala m'nyumba za anthu. Ndinalibe chomutsutsa nacho pamenepo. Akuluakulu amati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, ndipo pa nkhani ya ndalama ine ndinalidi pamsana pa njovu.

Funso limene ndakhala nalo kuyambira tsiku limenelo ndi ili: ukayeza thupi la munthu wina, nambala imene watulutsayo ndi yayani? Ndi yako woyeza, poti luso ndi makina ndi zako? Ndi ya amene wakutuma, poti ndiye wakutsegulira khomo? Kapena ndi ya mwini thupi?

Ndiyambe ndi siginecha, pakuti ndi imene ambiri timabisalamo. Malamulo a ku Nuremberg a mu 1947, amene analembedwa utatha mlandu wa madokotala a chipani cha Nazi, anaika patsogolo mfundo yakuti munthu asanachitidwe kafukufuku avomere mwa kufuna kwake, akudziwa chimene akuvomera, popanda womukakamiza. Zathuzi sizinali kafukufuku, ndipo kuziyerekeza ndi zoopsa za nthawi imeneyo kungakhale kukokomeza. Koma mfundoyo imagwira ntchito paliponse pamene wamphamvu akuyeza wopanda mphamvu. Munthu amene wangoweruka usiku, kapitawo ali pakhomo ndi cholembera, fomu ili m'chinenero chachitatu kwa iye, angakane bwanji? Ndipo fomu yathu sinanene n'komwe kuti zotsatira zipita kwa bwana. Alondawo anavomera kuyezedwa. Sanavomere kuululidwa, pakuti palibe amene anawafunsa.

Komabe sindikufuna kunena kuti wophunzira asapindule ndi thupi la munthu wina. Zimenezo n'zosatheka. Namwino aliyense anali ndi munthu woyamba kumubaya jakisoni, ndipo dzanja linkanjenjemera. Luso la ntchito zathuzi limaphunziridwa pa anthu amoyo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala osauka, chifukwa olemera amapita kwa akatswiri otha kale ntchito. Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, sanaletse kuti munthu athandizike kudzera mwa mnzake. Chimene analetsa ndi kumutenga mnzako ngati chida chabe, kuiwala kuti nayenso ali ndi zolinga zake. Kwathu timanena zomwezo mwachidule: kudyera munthu masuku pamutu. Kudya masuku si mlandu. Mlandu uli pa kusandutsa mutu wa mnzako mbale. Maola a m'kabuku kanga anali ngongole imene ndinatenga kwa anthu amene anandipatsa mikono yawo, ndipo njira yochepetsetsa yobwezera inali kuonetsetsa kuti chimene ndapeza pa iwo chisawatembenukire.

Mfundo ya wapampando yonena za ngozi ndiyo inali yovuta, ndipo nkhani ya agogo, m'malo moipeputsa, imaiwonjezera kulemera. Nditayamba kuwerenga za chipinda chotentha chija ndinapeza kuti sichinali nkhanza zopanda chifukwa. Migodi ina inali itafika makilomita atatu pansi pa nthaka, kumene mwala umatentha pafupifupi madigiri 50 ndipo mpweya umakhala wodzaza chinyezi. M'malo otere thukuta siliuma, choncho thupi limalephera kudziziziritsa. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukapitirira madigiri 40, ubongo umasokonezeka ndipo munthu akhoza kufa. Amuna ongofika kumene ndiwo ankafa kwambiri. Asayansi a labotale ya Chamber of Mines ku Johannesburg, motsogozedwa ndi Cyril Wyndham, anafufuza mozama mmene thupi limazolowerera kutentha: m'masiku ochepa madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba msanga ndipo limatuluka lambiri, mtima umaleka kuthamanga kwambiri pa ntchito yomweyo. Zimene anapeza zimaphunzitsidwabe, ndipo othamanga amene akukonzekera mpikisano wa kumalo otentha amazigwiritsa ntchito. Kuzoloweza anthu kutentha kunapulumutsa miyoyo. N'kutheka kuti ine ndilipo chifukwa agogo anakwera chitsa chija.

Nanga cholakwika chinali pati? Ndikakumbukira bwino nkhani ya agogo, pali chinthu chimodzi chimene ankachinena akasiya kuseka. Ankati ankakuyeza kutentha kwa thupi, wina n'kulemba m'buku, koma palibe amene ankakuuza chimene walemba. Unkadziwira pa mzere umene akulozera. Ena ankatsika pansi, ena ankapatsidwa ntchito ya pamwamba ya malipiro ochepa. Nambala inkachoka m'thupi mwako n'kupita kwa wina, ndipo inkabwerera kwa iwe ngati chigamulo. Sayansiyo inali yoona, koma funso limene inkayankha linali la mwini mgodi: mwa amuna awa, ndi ati amene angapirire malo amene ndili nawo? Panali funso lina limene likanafunsidwa ndi mphamvu yomweyo: malo awa tiwasinthe bwanji kuti munthu wamba agwiremo ntchito osafa? Funso lachiwirili ndi lodula, chifukwa yankho lake ndi makina akuluakulu oziziritsa mpweya ndi madzi, amene migodi yozama imadalira masiku ano. Kusankha anthu n'kotchipa kuposa kusintha ntchito.

Apa ndi pamene ndinaonera kusiyana kwa mndandanda wa maina ndi chiwerengero chopanda maina. Ukampatsa bwana maina, wampatsa njira yosinthira anthu: uyu achoke, abwere wina wa magazi abwino. Sayenera n'komwe kunena chifukwa. Kontrakiti ikatha amangosiya kuiwonjezera. Koma ukamuuza kuti mwa antchito anu onse, ochuluka chotere ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo ndi ausiku, alibe munthu woti amuchotse. Chimene chatsala patsogolo pake ndi ntchitoyo: kutalika kwa mashifiti, nthawi yogona, tsiku loti munthu apite ku kiliniki osadulidwa malipiro. Sayansi yathu yomwe ili ndi chitsanzo. Mu 1953 Jeremy Morris ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa ogwira ntchito m'mabasi osanjikizana a ku London: makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mocheperapo kusiyana ndi madalaivala, amene ankangokhala. Kafukufukuyu ndi umodzi mwa mizu ya uphungu wonse wa masiku ano wakuti anthu aziyenda ndi kulimbitsa thupi. Phindu lake linachokera pa kuwerenga gulu lonse, ndipo silinafune kuti dalaivala wina alozedwe chala.

Ndivomereze kuti pali ntchito zimene thanzi la munthu silikhala nkhani yake yekha. Woyendetsa ndege, wozimitsa moto, wotsika mumgodi wotentha: awa akafooka pantchito amaika ena pangozi, ndipo n'koyenera kuti ayezedwe. Lamulo la ku South Africa la Employment Equity Act la mu 1998 limaletsa kuyeza wantchito za m'thupi pokhapokha ngati lamulo lina likulola kapena pali chifukwa chomveka, monga zofunika zenizeni za ntchitoyo. Mwina ulonda wa usiku ungalowe m'gulu limenelo. Koma ngati ndi choncho, kuyezako kuchitike poyera, munthu atauzidwa kuti awa ndi mayeso a ntchito, woyeza akhale dokotala wovomerezeka, ndipo pakhale njira yodandaulira. Chimene ife tinkafuna kuchita chinali china. Tinabwera ngati opereka mphatso, titavala malaya a sukulu, tikumwetulira, koma tikutolera zinthu zoti wina akagamulire nazo anthu. Tikanakhala maso a bwana popanda alondawo kudziwa, ndipo ifenso tinali tisanadzifunse.

Nanga za kugwa usiku? Ngoziyo inali yeniyeni, ndipo n'chifukwa chake ndinakana kulemba bodza. Kunena kuti nambala ndi ya mwini thupi sikutanthauza kuti ndimulembere imene akufuna. Ndikanalemba kuti akwera bokosi ndipo ali bwino, ndikanawabera chinthu chokhacho chaphindu chimene tsikulo likanawapatsa, chimene ndi choonadi cha magazi awo. Udindo wanga unali kuwauza zonse, momveka, m'chinenero chawo, ngakhale zinali zosakoma, ndi kuwasonyeza kumene kuli thandizo. Zotsala zinali zawo. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Iwo ndiwo ankadziwa bwana wawo, lendi yawo, ana awo, ndi zimene zimachitikira mlendo wodwala. Ine ndinkadziwa 172/106 basi. Kuganiza kuti nambala imodziyo ikundipatsa ufulu wowasankhira za ntchito yawo kukanakhala kudzikuza. Komanso BP yokwera si chilema chochotsetsa munthu ntchito; ambiri amene amamwa mankhwala mokhulupirika amagwira ntchito zawo zaka zambiri. Koma bwana wowerenga mndandanda sadikira kuti mankhwala agwire.

Sindikuti mfundo imeneyi ilibe mtengo wake. Munthu ukamusiyira chisankho akhoza kusankha molakwika. Bambo aja akanatha kutaya kapepalako n'kudzagwa mwezi wotsatira, ndipo ine ndikanakhala ndi funso moyo wanga wonse. Wapampando anandifunsa zomwezo, ndipo sindinamuyankhe mokhutiritsa. Chimene ndinganene n'chakuti njira inayo nayonso ili ndi maliro ake, amene saoneka msanga. Alonda akadziwa kuti wokwera BP amachotsedwa, chaka chamawa adzathawa makina, kapena adzapeza njira zonamizira. Ntchito yonse ya zaumoyo imaima pa chikhulupiriro chakuti ukatambasula mkono, wogwira mkonowo ali mbali yako. Chikhulupirirochi chikatha, odwala amabisala, ndipo amene amafa ndi ochuluka kuposa amene ukanawapulumutsa powaulula.

Tinavota, ndipo mbali yokana kutumiza maina inapambana ndi mavoti ochepa. Tinatumiza lipoti la chiwerengero chokha, ndi malangizo angapo okhudza mashifiti ndi kiliniki. Aliyense amene tinamupeza ndi vuto tinamufunafuna payekha n'kumupatsa nambala zake m'manja. Bwana uja anayankha ndi mizere iwiri yothokoza. Makalata a umboni sanabwere, ganyu ija sinatchulidwenso, ndipo chaka chotsatira sanatiitane. Wapampando sanandiyankhule mpaka temu inatha. Malo ophunzirira ntchito anawapeza patapita chaka, atadikira kunyumba. Kalata ija ikanamuthandiza kapena ayi, iye ndiye analipira zambiri pa chisankho chimene ndinayambitsa ine, ndipo zimenezi sindiziiwala. Chilungamo chimene ndinkachilimbikira chinali chotchipa kwa ine kuposa kwa iye.

Chimene chinasintha m'kalabu chinali chaching'ono. Tinagwirizana kuti tisanapite kukayeza anthu kulikonse, tiziyamba tayankha mafunso atatu, ndipo mayankho ake tiziwauza anthuwo pakamwa, m'chinenero chimene akumva, makina asanatuluke m'chikwama. Watituma ndani? Zotsatira aziona ndani? Amene nambala zake zaipa chimuchitikire n'chiyani? Ndimaona kuti kalabu yokonzekeretsa anthu ntchito imayenera kuphunzitsa zimenezi isanaphunzitse kalembedwe ka CV. Ambiri a ife tidzalembedwa ntchito ndi makampani, matimu a mpira, asilikali, a inshuwalansi, ndipo amene adzatilipira kawirikawiri sadzakhala amene tikumuyeza. Mphunzitsi wa timu adzafuna kudziwa ngati bondo la mnyamata lingapirire masewero a Loweruka, pamene mnyamatayo adzafunika bondolo zaka 50 zikubwerazo. Amene sanayambe wadzifunsa kuti ali mbali ya yani akali pasukulu, sadzayamba pamene malipiro ake ali m'manja mwa wofunsayo.

Patapita miyezi iwiri ndinadutsa pa geti la nyumba ina pafupi ndi sukulu, ndipo ndinamva wina akuitana, "Achimwene!" Anali bambo a ku Thyolo aja. Anandiuza kuti anapita ku kiliniki tsiku lawo lopuma, anadikira kuyambira mmawa mpaka masana, ndipo anawapatsa mapiritsi. Anati mapiritsiwo amawakodzetsa pafupipafupi, zimene n'zovuta kwa mlonda, ndiye masiku ena amadumphitsa. Ndinawauza kuti asadumphitse, koma akawauze anamwino za vutolo, pakuti nthawi yomwera ingasinthidwe ndipo mankhwala a BP alipo amitundu ingapo. Kenako anafunsa ngati kachipangizo kaja ndili nako.

Ndinabwera nako mawa lake. Tinakhala m'kanyumba ka alonda, iwo atapinda mkono wa yunifolomu. Makina anaonetsa 150/94, yokwerabe, koma yotsikirapo. Anatulutsa kapepala kaja, katafewa ndi thukuta, n'kundipatsa kuti ndilembe nambala yatsopanoyo pansi pa yakaleyo, ndi deti lake. Nditalemba anakaona kaye bwinobwino, anakapinda, nakabwezera m'thumba. M'kabuku kanga tsiku limenelo sindinalembemo kanthu.